Nyali za Land Rover Yakale Zikamathimathima: Kufufuza ndi Kukonza Zolumikizira Mawaya

Pa Land Rover ya Series IIA kapena Series III, vuto la nyali zakutsogolo limabwera m'njira yodziwika bwino. Nyali imodzi imayamba kuwala mofooka ngati koloboyi pamene inzake ili bwinobwino, galimoto ikagunda bampu nyaliyo imathima, ndipo munthu akamenya madigadi ndi dzanja imayakanso. Mwini galimoto amagula babu latsopano, nyali n'kuwala masiku angapo, kenako vuto lija n'kubwerera. Chimene chimachitika n'chakuti pozula pulagi ndi kuibwezera posintha babu, dzimbiri la pa miyendo ya babu limapalika pang'ono ndipo magetsi amapeza podutsa kwa kanthawi, choncho babu latsopano limatamandidwa pa ntchito imene silinagwire. Nthawi zambiri vuto limakhala pamalo pamene waya wakumana ndi waya mnzake kapena ndi chitsulo, ndipo malo oterewa ndi ambiri pa galimoto imeneyi.

Series IIA inapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1971, ndipo Series III kuyambira 1971 mpaka 1985, kutanthauza kuti ngakhale yaing'ono pa zonsezi mawaya ake atha zaka pafupifupi 40 akuwombedwa ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Zamagetsi zake ndi za kampani ya Lucas, ndipo mitundu ya mawaya imatsatira dongosolo limodzi ndi magalimoto ena a ku Britain a nthawi imeneyo, monga MGB ndi Morris Minor, moti zimene zalembedwa pano zithandizanso eni magalimoto amenewo. Waya wa bulauni ndi wochokera ku batire ndipo amakhala ndi magetsi nthawi zonse. Wa buluu wopanda mzere amachoka pa switchi ya nyali kupita ku switchi yosinthira dimu (kuwala kogwa pansi) ndi fulu (kuwala kofika patali), imene pa Series IIA ili pansi poponda ndi phazi, pamene pa Series III ili pa kamtengo ka pafupi ndi chiwongolero. Kuchokera pamenepo mawaya amakhala awiri: wa buluu wa mzere woyera ndi wa fulu, wa buluu wa mzere wofiira ndi wa dimu. Wakuda ndi ethi, njira imene magetsi amabwerera nayo ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto. Mawaya awiri a buluu aja akafika kutsogolo, pafupi ndi radiyeta, aliyense amagawikana kupita ku nyali ya kumanzere ndi ya kumanja, ndipo pogawikana pamenepo ndi pamene pali zolumikizira zimene zimavutitsa kwambiri.

Zolumikizira za Lucas ndi za mtundu wa mabuleti: kumapeto kwa waya kuli kachitsulo kobulungira ka mamilimita 4.7, ndipo kamalowa m'kapaipi kachitsulo kokutidwa ndi labala. Kapaipiko kamagwira buleti chifukwa cha kulimba kwake kokha, popanda sikulu kapena loko. Kakakalamba kamang'aluka m'litali mkati mwa labala momwemo, pamene maso sangaone, ndipo buleti imangokhala yogona m'menemo osagwidwa. Pogawira mawaya pamakhala cholumikizira cha mabowo anayi, onse olumikizana mkati, ndipo chimenechi chikang'aluka mbali imodzi chimathimitsa nyali imodzi n'kusiya inzake.

Chifukwa chake dzimbiri lochepa limawononga kwambiri

Babu la H4, limene ambiri anaika m'malo mwa nyali zakale zomatiratu za mainchesi 7, limadya mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Pa mavolti 12, babu limodzi limakoka ma ampu pafupifupi 5, ndipo awiri pamodzi amakoka 10. Cholumikizira chimene dzimbiri lachipatsa chopinga magetsi cha 0.2 ohm chokha (ohm ndi muyezo wa chopingacho), chimene mita wamba yoyezera magetsi imavutika ngakhale kuchiona, chimadya volti imodzi yathunthu pa ma ampu 5, ndipo volti imeneyo imasanduka kutentha kwa mawati 5 pa kachitsulo kochepa kuposa nsonga ya chala. Kutenthako kumafooketsa chitsulo chogwira, chogwiracho chikafooka chopinga chimakula, ndipo chopinga chikakula kutentha kumawonjezekanso, mpaka pulasitiki ya pulagi itasungunuka. N'chifukwa chake vutoli silikhala pamodzimodzi. Likangoyamba limapitirira kukula.

Babu nalonso silikhululuka. Kuwala kwake kumatsika msanga kuposa mavolti: mavolti akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo 10. Motero galimoto imene ikutaya theka la volti pa switchi, theka lina pa buleti ndi lina pa ethi imaoneka ngati ili ndi mababu otha, chonsecho mababuwo ndi abwino.

Zimene zizindikiro zikunena

Musanagwire chida chilichonse, yatsani nyali madzulo kapena pamthunzi, musinthe dimu ndi fulu kangapo, ndipo muyang'anitsitse. Ngati nyali zonse ziwiri zathima pa dimu ndi pa fulu pomwe, vuto lili kumbuyo, pa switchi ya nyali kapena pa waya wa buluu wopanda mzere. Ngati zonse ziwiri zathima pa dimu pokha kapena pa fulu pokha, kayikirani switchi yosinthira ndi cholumikizira cha mabowo anayi chija; switchi yapansi ya Series IIA imalowa madzi ndi dothi la kunsapato, ndipo mawaya ake amachita dzimbiri msanga. Ngati ndi nyali imodzi, pa dimu pokha kapena pa fulu pokha, ndiye kuti ndi babu, pulagi yake, kapena buleti ya mbali imeneyo.

Chizindikiro chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi cha ethi yoipa, ndipo n'choyenera kuchimvetsa bwino. Babu la H4 lili ndi timawaya tiwiri toyaka mkati mwake, kena ka dimu kena ka fulu, ndipo tonse timatulukira pa mwendo umodzi wa ethi. Ethi ya nyali imodzi ikaduka, magetsi amene alowa pa kawaya ka dimu amasowa kotulukira, ndiye amabwerera chammbuyo kudzera pa kawaya ka fulu ka babu lomwelo, n'kuyenda mu waya wa buluu wa mzere woyera mpaka ku nyali inayo, kumene amapeza ethi yabwino. Zotsatira zake n'zakuti nyali yodwalayo imawala mofiirira pa dimu ndi pa fulu mofanana, timawaya take tonse tiwiri tikunyeka pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina kanyali ka pa dashibodi kosonyeza fulu kamaoneka kakuyaka mozimiririka pamene inu muli pa dimu. Mukaona zimenezi musataye nthawi ndi switchi. Pitani ku waya wakuda wa nyali imeneyo.

Palinso kuyesa kosafuna chida. Nyali zikayaka mphindi zisanu, yendetsani chala mosamala pa zolumikizira zonse, kupewa galasi la babu ndi fani ya injini. Cholumikizira chabwino chimakhala chozizira kapena chofunda pang'ono, ndipo chimene chikuotcha chala ndicho chikudya magetsi anu. Pulagi ya kumbuyo kwa babu imafunda ndithu chifukwa cha babulo, koma ngati mbali imodzi yasanduka yabulauni kapena ikununkha pulasitiki yopserera, yatha ntchito.

Kuyeza nyali zili chiyakire

Cholakwika chofala kwambiri ndicho kuzula pulagi, kuika mita pa tizitsulo take, kuona mavolti 12 n'kunena kuti mawaya ali bwino. Mita ya manambala imakoka magetsi ochepa kwambiri, moti ngakhale cholumikizira chodzaza dzimbiri, kapena waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa, amaonetsa mavolti 12 onse. Chopinga chimaonekera pokhapokha magetsi ambiri akamadutsa, choncho kuyeza konse kuchitike pulagi ili pa babu, nyali zili chiyakire, ndipo ngati n'kotheka injini ikulira.

Ikani mita pa mavolti a DC, pa 20. Nsonga yofiira ya mita muigwiritse pa mutu weniweni wa batire wa +, osati pa chomangira chake, ndipo yakuda muilowetse kumbuyo kwa pulagi ya nyali mpaka ikhudze kachitsulo ka waya wa buluu wa mzere wofiira, nyali zili pa dimu. Mudzafunika kawaya kowonjezera kuti mufike. Nambala imene mita ikuonetsa ndi mavolti amene akutayika panjira yonse kuchokera ku batire mpaka ku babu. Theka la volti n'lovomerezeka pa galimoto ya zaka zimenezi, volti imodzi ndi yambiri, ndipo mukaona mavolti awiri dziwani kuti penapake pakutentha. Chitani chimodzimodzi pa fulu, pa waya wa mzere woyera. Kenako yezani mbali ya ethi: nsonga yakuda pa mutu wa batire wa −, yofiira pa kachitsulo ka waya wakuda pa pulagi. Apa nambala isapitirire 0.2.

Mukapeza mbali imene ikutaya, siyani nsonga imodzi pa batire, ndipo inayo muziyenda nayo chobwerera m'mbuyo, cholumikizira ndi cholumikizira, kuyeza mbali zonse ziwiri za chilichonse. Pamene nambala yagwa mwadzidzidzi, mwachitsanzo kuchoka pa 1.6 kutsogolo kwa buleti kufika pa 0.4 kumbuyo kwake, ndi pamene pali vuto. Pitirizanibe mpaka ku switchi, chifukwa pa mawaya a zaka zimenezi kawirikawiri malo odwala amakhala awiri kapena atatu, ndipo mukakonza amodzi okha mudzabwereranso pansi pa boneti mwezi usanathe.

Eni Series IIA zoyambirira akumbukire kuti magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1967 anatuluka ndi ethi ya ku +, ngakhale ambiri anasinthidwa pambuyo pake. Yang'anani kuti ndi mutu uti wa batire umene wamangidwa ku chasisi, ndipo ngati ndi wa +, sinthanitsani + ndi − pa kuyeza kumene kwanenedwa pamwambapa.

Kukonza mabuleti

Musanadule kapena kuzula waya aliyense, masulani mutu wa batire umene wapita ku chasisi. Magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo analibe fyuzi pa mzere wa nyali zakutsogolo, ndipo waya wamoyo akakhudza chitsulo amanyeka mpaka kukafika kuseri kwa dashibodi.

Zulani buleti pogwira kachitsulo kake ndi pulayala, osati pokoka waya. Kapaipi kakale musakabwezere ngakhale kakuoneka bwino. N'kotchipa, ndipo kung'aluka kwake sikuoneka. Buleti yokhayo muipale ndi sandipepala yosalala mpaka iwale, kenako muikoke pang'ono kuti muone ngati yagwira waya. Ngati ikugwedezeka, kapena pakhosi pake pali ufa wobiriwira, iduleni. Mukasenda waya, yang'anani mkuwa wake. Mkuwa wabwino umakhala wowala, koma umene chinyezi chinalowa pansi pa chikopa chake umada, ndipo wakudawo sugwira mtovu ndiponso sudutsitsa magetsi bwino ngakhale muufinye chotani. Dulani chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mupeze wowala, ndipo ngati waya wafupika muwonjezere chidutswa chatsopano cha makulidwe ndi mtundu womwewo. Mtunduwo ndi wofunika kuusunga, chifukwa munthu wodzakonza galimotoyi m'tsogolo adzadalira mitunduyo monga mmene inu mukuidalira lero, ndipo palibe chotopetsa ngati Land Rover imene mawaya ake onse akutsogolo ndi ofiira.

Pogula mabuleti atsopano samalani kukula kwake. Amene amapezeka kwambiri m'mashopu a zida za magalimoto masiku ano ndi a magalimoto a ku Japan, a mamilimita pafupifupi 4, ndipo m'kapaipi ka Lucas amalowa mosavuta n'kumagwedera, kotero mumakhala mwabwezera vuto lomwe lija ndi zida zatsopano. Ngati a 4.7 sakupezeka, sinthani mbali zonse ziwiri, buleti ndi cholandirira chake, zikhale za mtundu umodzi.

Buleti imamangidwa pa waya poifinya ndi chida chake chofinyira kapena poiwotcherera ndi mtovu. Pulayala wamba imangophwanya buleti osagwira mkuwa. Powotcherera gwiritsani ntchito mtovu wa zamagetsi, wa utomoni mkati, osati wa asidi umene amawotcherera nawo radiyeta, chifukwa asidiyo amadya mkuwa pakapita miyezi. Tenthetsani buleti yokha kuti mtovu usungunukire mkati, ndipo musauchulutse, popeza ukakwera m'waya umamuumitsa, ndipo waya wouma amathyoka pa galimoto yogwedezeka ngati imeneyi. Pomaliza pakani girizi ya silikoni pang'ono, kapena Vaseline ngati girizi palibe, n'kukankha buleti mpaka imveke kuti yakhala. Ikalowa mopepuka ndi zala ziwiri, sinagwire. Yabwino imafuna mphamvu. Mafuta opopera ochotsa dzimbiri amathandiza pozula zinthu zomatirira, koma amauma msanga ndipo sateteza cholumikizira kwa nthawi yaitali.

Kupota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi, kapena kugwiritsa ntchito zolumikizira za masikulu za magetsi a m'nyumba, kungakufikitseni kunyumba usiku umodzi, koma kuseri kwa radiyeta, kumene kumafika madzi ndi kutentha, tepi imamatuka ndipo sikulu imadula timaulusi ta mkuwa. Polumikiza waya ndi waya mpaka kalekale, wotchererani kapena finyani, n'kuvekapo kapaipi kapulasitiki kofota ndi moto.

Pulagi ya kumbuyo kwa babu

Miyendo itatu ya H4 ndi yotakata pafupifupi mamilimita 8, kuposa tizitsulo tafulati ta 6.3 timene tili pa maswitchi ambiri, choncho tizitsulo wamba sitilowapo. Ngati pulasitiki ya pulagi ili bwino ndipo kachitsulo kangofooka, lowetsani kasikuludiraiva kakang'ono kutsogolo kwa pulagi kuti mupinde kalilime kogwira, tulutsani kachitsuloko chakumbuyo, kapaleni, kafinyeni pang'ono kuti kagwire zolimba, n'kukabwezera. Koma kachitsulo kamene kanatenthapo mpaka kusintha mtundu kataya kulimba kwake, ndipo mukakafinya kamafookanso pakangopita masiku. Pamenepo gulani pulagi yatsopano, makamaka ya dothi lowotcha imene sisungunuka.

Mapulagi atsopano amabwera ndi timawaya tawo ta mitundu imene sigwirizana ndi ya Lucas, ndipo apa anthu amasokoneza. Tsatirani malo a mwendo, osati mtundu wa waya. Mwendo wapakati, umene uli pamwamba, ndi wa dimu. Iwiri ya m'mbali ndi wa fulu ndi wa ethi, ndipo njira yosalakwa ndiyo kuona kumene waya wakuda analowa pa pulagi yakale musanaidule, n'kusamutsa waya mmodzimmodzi. Mukasinthanitsa ethi ndi waya wina, nyali idzaonetsa zizindikiro zofanana ndi za ethi yoduka zija. Galasi la babu la H4 musaligwire ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amalipsereza. Mukaligwira mwangozi lipukuteni ndi spiriti.

Ethi pa thupi la aluminiyamu

Apa Land Rover imasiyana ndi MGB kapena Morris Minor. Chasisi yake ndi yachitsulo, koma madigadi ndi mbali zambiri za thupi ndi za aluminiyamu, ndipo pamene aluminiyamu yakumana ndi bawuti lachitsulo pali chinyezi pamamera ufa woyera umene sudutsitsa magetsi. Ethi yomangidwa pa madigadi imadalira mabawuti angapo oterewa kuti ikafike ku chasisi. Mutha kumasula, kupala mpaka chitsulo chiwale, kuika washala ya mano ndi girizi n'kumanganso, ndipo zidzagwira ntchito kwa nthawi. Koma chokhalitsa, mwa kuona kwanga, ndicho kusadaliranso madigadi: kokani waya wakuda watsopano wa 2 mm² kuchokera ku nyali iliyonse mpaka pa chasisi popalidwa bwino, kapena mpaka ku batire kwenikweni. Muli pomwepo yang'anani lamba wa ethi wochokera ku batire kupita ku chasisi, chifukwa iyeyo akachita dzimbiri nyali zonse zimafooka pamodzi ndi sitata.

Vuto likamabwererabe

Ngati mwakonza zolumikizira zonse koma mita ikuonetsabe kutayika koposa volti imodzi, otsala ndi maswitchi, amene ma ampu 10 onse amadutsamo, komanso kutalika kwa mawaya okalamba. Yankho lake ndi ma relay awiri, omwe ndi maswitchi oyatsidwa ndi magetsi ochepa koma odutsitsa magetsi ambiri, ina ya dimu ina ya fulu, oikidwa kutsogolo pamalo osafika madzi, miyendo yake italoza pansi. Mwendo wa relay wa nambala 30 umalandira waya watsopano wa 2 mm² kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi ya ma ampu 15 yoikidwa pafupi ndi batirelo, wa 87 umapita ku nyali zonse ziwiri, wa 86 umalandira waya wakale wa buluu wochokera ku switchi, ndipo wa 85 umapita ku ethi. Zikatero switchi yakale imangonyamula kamagetsi kochepera theka la ampu koyatsira relay, ndipo mababu amalandira pafupifupi zonse zimene batire lili nazo. Relay iliyonse ikhale ndi fyuzi yakeyake, kuti ya dimu ikapsa muli pa liwiro usiku, fulu ikhalepobe.

Kunena za mafyuzi, agalasi akale a Lucas amalembedwa nambala ya ma ampu amene amawapsereza, osati amene amanyamula nthawi zonse. Yolembedwa 35 imanyamula pafupifupi 17. Mukaika fyuzi yamakono ya 35 m'malo mwake, mwaika yoposa kawiri, ndipo waya adzapsa fyuzi isanapse.

Chimene sindingalimbikitse ndi mababu a mawati 100 amene ambiri amathamangira nyali zikafooka. Lililonse limakoka ma ampu oposa 8, ndipo popeza kutentha pa cholumikizira kumakwera mowirikiza kuposa ma ampu, pulagi imene inali kungofunda imalandira kutentha pafupifupi katatu n'kusungunuka. Pa Series IIA imene ikadali ndi dayinamo yochajira batire ya Lucas C40, imene imatulutsa ma ampu 22 basi, mababu awiri oterewa amadya pafupifupi 17, ndipo mukawonjezera mawaipa ndi nyali zakumbuyo usiku wamvula batire limayamba kutha muli pa ulendo. Mababu a 60/55 olandira mavolti okwanira amawala mokwanira, ndipo sathobwa m'maso madalaivala obwera kutsogolo.

Mukamaliza, mangani mawaya onse kuti asalendewere kapena kukhuzana ndi m'mphepete mwa chitsulo, ndipo paliponse pamene akudutsa pa bowo pakhale kalabala kotchinga. Bwezerani batire, lizani injini, ndipo mubwereze kuyeza kuja pa dimu, pa fulu ndi pa ethi, mbali zonse ziwiri, uku mukugwedeza cholumikizira chilichonse ndi dzanja kuti muone ngati nambala ikudumpha. Ngati munatulutsa nyali m'malo mwake, imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma ndipo muone kuti dimu yagwa pansi pa msinkhu wa nyalizo ndiponso kuti mbali yake yokwera ili kumanzere, monga zimafunikira m'maiko oyenda kumanzere kwa msewu ngati Malawi ndi Zambia.